Mutu 5: Nandolo Wodikira Amayi

1. Munda wa kuseri kwa nyumba

Nandolo amene anali kuseri kwa nyumba ya a Blasius, m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe, anabzala ndi akazi awo, mayi Luckness. Anamubzala mu Disembala pakati pa mizere ya chimanga, ali ndi mphamvu zawo zonse, akuimba nyimbo za kwaya. Pofika mu Meyi anali atagonekedwa m'chipatala ku Zomba chifukwa cha chotupa cha m'mimba, ndipo ankawadikirira ndi mng'ono wawo, Maness. Chimanga anakolola ndi anthu ena. Nandolo anatsala m'munda, akungobereka ngati sakudziwa kuti mwini wake palibe.

Pakhomo panatsala Elsie, mwana wawo woyamba, wa zaka khumi ndi zisanu, amene anali atangomaliza Fomu 2. Azing'ono ake awiri anatengedwa ndi azakhali awo ku Balaka. Bambo ake ankangoyenda uku ndi uku, sabata ino ku Zomba, sabata yamawa kumudzi, mpaka nsapato zawo zinatha zidendene.

Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti mayi Luckness nyama sankaifera. Ukafuna kuwaona akuseka mpaka dzino la kumapeto, uwaikire nandolo wamuwisi wothira tomato, pambali pali chinangwa chophika. Koma chaka chimenechi madokotala anawalola phala lokha, ndipo anati kubwerera kunyumba mwina ndi pa Khirisimasi. Nandolo wamuwisi sadikira Khirisimasi ya munthu. Amabwera ndi chisanu cha Juni, mphepo ya Ogasiti ikaomba wauma.

M'mawa uliwonse Elsie ankazungulira mundawo n'kumaona makoko obiriwira akucheperachepera. Zinkamupweteka kwambiri. Amayi ake anagwira khasu, anapalira dzuwa lili pamutu, koma chaka chinali kutha asanalaweko ngakhale kambewu kamodzi.

Tsono Lamulungu lina, Misa itatha, analimba mtima n'kutsatira mayi Scholastica.

2. Poto wa mayi Scholastica

Mayi Scholastica anali mphunzitsi wopuma pantchito, amene kwa zaka zambiri anaphunzitsa atsikana kuphika ndi kusoka. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosadziwa kunong'ona. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira poto wa pulesha, chimphika chachitsulo cholemera ngati mwana wa zaka zitatu. Chivindikiro chake chinali chomanga kolimba, chokhala ndi kabowo kotulukira nthunzi ndi kawotchi ka muvi umodzi pamwamba. Ndi poto ameneyu ankasunga nyemba ndi ndiwo zina m'mabotolo, ndipo ankayenda naye m'magulu a amayi kukaphunzitsa.

Elsie anali ataonerera maphunziro amenewa kawiri kutchalitchi, atakhala kumbuyo. Tsikulo anagwada pambali pa mayiwo n'kufotokoza za nandolo wa amayi ake.

Mayi Scholastica anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje kwa nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Poto ameneyu sindibwereketsa," anatero. "Ngakhale atamufuna bambo mfumu, sangamuone. Koma Luckness anali mwana wanga wa m'kalasi, ndipo sanandipatsepo mutu. Lachitatu m'mawa ndibwera naye. Koma imva. Tsiku lomwelo hafu pasiti wani galimoto ya ku parishi ikunditenga pa siteji ya Ulongwe kupita ku Chikweo, ndipo ndikakhala kumeneko masabata atatu. Poto apita nane. Pobwera ine nandolo wako adzakhala atauma gwa. Mwayi wako ndi m'mawa umodzi wokhawo."

Lachiwiri lonse Elsie anathyola nandolo yense wobiriwira amene anatsala. Anamusenda mpaka zala zinada bii ndi utomoni, ndipo beseni linadzadza.

Lachitatu mayi Scholastica anafika pa kabaza, poto ali pamiyendo, mabotolo asanu ndi awiri a kukamwa kwakukulu ali m'katoni. Sanafune tiyi. Anatsuka mabotolo ndi madzi otentha, nandolo anamuwiritsa pang'ono, kenaka anayamba kuthira.

"Osapanikiza," ankatero. "Nandolo amatupa. Siya malo a zala ziwiri pamwamba. Kamchere pang'ono, madzi otentha, kenaka pukuta pakamwa pa botolo. Kachitsotso kamodzi pamenepo, chivindikiro sichigwira."

Anaika mabotolo m'poto muli madzi pang'ono pansi, anamanga chivindikiro, nateleka pamafuwa kukhitchini ya panja. Nthunzi itatuluka pakabowo kwa mphindi khumi, anatsekapo ndi kachitsulo kake. Muvi unayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka unaima pa 11.

Pamenepo mayi Scholastica anamugwira Elsie padzanja.

"Ndimvere bwino, chifukwa sindibwereza. M'dothi lomwe timalimali muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikaphika nandolo n'kudya tsiku lomwelo, palibe mlandu. Koma ukamutsekera m'botolo mopanda mpweya n'kumusiya miyezi, timeneto timadzuka n'kupanga poizoni. Utha kutsegula botolo, kuyang'ana, kununkhiza, n'kunena kuti zili bwino, pamene m'katimo muli imfa. Madzi owira wamba sapha tizilomboti. Chimene chimapha timeneti ndi kutentha kumene kumabwera nthunzi ikapanikizika m'potomu. Kawotchi aka ndi mboni yako. Muvi ukhale pa 11 kwa mphindi makumi asanu zathunthu, osadukiza. Ukakwera, chepetsa moto pang'ono pokha. Koma ukangotsika, ngakhale patatsala mphindi imodzi, zam'mbuyo zonse zafa. Usonkheze moto, muvi ubwerere, uyambirenso kuwerenga. Nthawi ikakwana uchotse moto, poto azizire yekha mpaka muvi ugone pansi. Osamuthira madzi, osamutsegula. Ndipo usachoke pano. Mbuzi ikalowa m'munda, isiye idye. Munthu wodwala ngati mayi ako alibe mphamvu zolimbana ndi kulakwitsa kwako."

"Ndamva, amayi."

"Kumva ndi makutu n'kosavuta. Lemba nthawi."

Elsie anayang'ana pa kafoni kamene bambo ake ankamusiyira, nalemba ndi pensulo papepala: 11:00.

"Ine ndikukalongedza. Ndibwera wani koloko, ndipeze poto atazizira," anatero mayi Scholastica, nakwera kabaza wawo.

3. Foni ya pachulu

Theka la ola loyamba linayenda bwino. Elsie anakhala pa kampando, maso ali pamuvi ngati mphaka pa una wa mbewa. Muvi ukafuna kukwera ankasolola chikuni pang'ono, ukafuna kugwedera ankachikankhira m'kati. Poto ankalira sii, mosalekeza.

Kenaka foni inalira. Inali nambala ya amayi aang'ono Maness.

"Halo?"

Mawu anabwera modukaduka, koma Elsie anawazindikira ndi liwu loyamba lomwe. Sanali a Maness ayi. Anali amayi ake enieni, amene anali asanawamve kwa masabata awiri.

"Amayi! Halo? Amayi!"

Pakhomo pa a Blasius netiweki inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa mtengo wa mango, kumapeto kwa munda. Elsie anayang'ana muvi. Unali pa 11 ndendende. Anaponyapo chikuni china chachikulu kuti moto usafooke, nathamanga.

"Elsie, mwana wanga, ukudya koma?"

"Ndikudya, amayi. Inu muli bwanji?"

"Ndilipo. Lero ndakhala tsonga ndekha. Nkhuku yanga ya mawangamawanga ija yaswa?"

"Yaswa asanu ndi atatu. Mmodzi anatenga mphamba."

"Mphamba ameneyo ndidzathana naye ndikabwera." Anaseka pang'ono, kuseka kochepa kumene kunathera m'kutsokomola. "Nanga nandolo wanga? Wauma eti?"

Elsie analuma mlomo. Ankafuna kuti za mabotolo adzazione ndi maso, osati kuzimva pafoni.

"Akuuma, amayi."

"Basi, palibe kanthu. Chaka chamawa. Abambo ako anyamuka kale kuno, afika madzulo. Uwatenthetsere madzi."

Anacheza za azing'ono ake, za denga la khitchini, za kwaya imene ikuti yasowa mawu apamwamba. Ndani angawerenge mphindi akulankhula ndi mayi ake odwala? Elsie sanawerenge. Foni itaduka anatsika pachulu akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

Koma akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika. Pamene iye anali pachulu, kukhitchini kunafika mlendo.

Tsidya lina la kanjira kunkakhala Abiti Jimu, mayi wachikulire wachiyao, wamasiye, amene chichokereni mayi Luckness ankamuyang'anira Elsie ngati nkhuku ya mwanapiye mmodzi. Tsikulo machesi anali atawathera, ndipo ataona utsi kwa a Blasius anabwera kudzapala moto. M'mudzi moto sumanidwa, ndipo wopala moto sadikira mwini khomo.

Anafika, anaodira, koma palibe anayankha. Anangoona chipoto chachilendo chikulira ngati njoka, moto uli lawilawi pansi pake, mwana palibe.

"Mwana uyu atentha khitchini ya mayi ake!" anatero.

Anasolola zikuni zitatu. Chimodzi anachiika pambali kuti apite nacho kwawo, ziwiri anazizimitsa m'fumbi. Kenaka anakhala pa kampando kaja kulondera poto, mtima uli m'malo, ngati munthu amene wagwira ntchito yaikulu.

4. Muvi wagwa

Elsie atafika, maso ake anathamangira pa kawotchi. Muvi unali pa 6.

"Anganga! Mwatani?"

"Ndakupulumutsa, mwanache. Chipoto chakochi chimafuna kuphulika. Moto unasonkha uja ndi wowotchera njerwa, osati wophikira ndiwo."

 Munthu wamkulu sakalipiridwa, makamaka amene wakuchitira chifundo, ngakhale chifundo chake chitakuphera ntchito. Elsie anagwada pansi, anabwezeretsa zikuni ziwiri zija, nayamba kuuzira. Utsi unamulowa m'maso. Foni inkaonetsa 11:40.

Ali chiuzirire anawafotokozera za muvi, za tizilombo, ndi za kuyambiranso kuwerenga. Abiti Jimu anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Iyayi, mwanache," anatero. "Nandolo wamuwisi sachedwa kupsa. Ine ndinayamba kuphika nandolo mayi ako asanabadwe, ndipo palibe anafapo. Zinatsala mphindi zingati?"

"Khumi."

"Khumi zokha! Sonkheza moto, umalize khumi zakozo, nkhani yatha. Waona ndani? Ine sindiuza munthu, wallahi, Mulungu ndi mboni. Ukayambiranso, aphunzitsi aja galimoto iwasiya, ndipo pakamwa pawo ukupadziwa. Adzakunyoza mpaka ku Ulongwe amve. Nanganso nkhuni zako zili kuti? Ndikuona ziwiri zokha apo."

Zonse zimene ananena Abiti Jimu zinali zoona. Panalibe anaona. Mabotolo anali m'kati, ndipo akanatuluka okongola chimodzimodzi. Nkhuni zinalidi zitatsala pang'ono kutha, ndipo mayi Scholastica anali munthu woopsa akakwiya.

Elsie anatenga pepala ndi pensulo. Anayang'ana nambala imene analemba m'mawa, anayang'ana muvi umene unali kukwera mwaulesi. 

"Anganga," anatero potsiriza, "mabotolowa si ogulitsa. Ndi a amayi. Akadzabwera adzakhala ofooka, ndipo wodzawaikira m'mbale ndine, ndi dzanja langali. Ndidzawayang'ana bwanji akudya, ine ndikudziwa kuti muvi unagwa?"

Abiti Jimu anadzuka, anakonza mpango kumutu, nachoka osatsazika. Ngakhale chikuni chawo chija anachisiya pomwepo. Elsie anaganiza kuti wawakhumudwitsa, ndipo misozi inabweranso. Anaika nkhuni ziwiri zotsala zija pamoto, podziwa kuti sizingafike patali.

Posakhalitsa anamva chinthu chikukhwekhwerezeka m'kanjira. Anali Abiti Jimu, akukoka mtolo wa nkhuni zawo za mthethe, zouma bwino, zimene anakatola okha kutali ndi miyendo yawo yotupa ija.

"Tenga," anatero akupuma mwa wefuwefu. "Luckness anandisamala ine pamene ndinathyoka mwendo. Sindingamuphe ndi manja angawa chifukwa cha machesi."

Moto unayaka. Muvi unakwera, 8, 9, 10, mpaka unaima pa 11. Elsie anakhwatcha 11:00, nalemba pansi pake 12:15.

"Foniyo bweretsa kuno," anatero Abiti Jimu. "Ndizikuuza nthawi ndine. Ikalira ndiikhalira."

Anakhala awiriwo, wina maso pamuvi, wina maso pafoni. Mphindi iliyonse ikasintha, Abiti Jimu ankailengeza mokweza ngati kondakitala wa minibasi.

5. Galimoto ya ku Chikweo

Wani koloko itakwana, kabaza anaima pakhomo. Mayi Scholastica anatsika atavala chitenje cha ulendo, chikwama chili m'manja. Wa kabazayo, a Wyson, anatsala atagwira njinga yawo, okonzeka kunyamula poto.

Mayiwo ataona malawi anaima chiriri.

"Moto uwu ukutani pano?"

Elsie anagwada, koma maso sanawachotse pa kawotchi.

"Zatsala mphindi zisanu, amayi. Muvi unagwa, ndiye ndinayambiranso."

"Unagwa bwanji, iwe uli pano?"

"Sindinali pano. Amayi anaimba foni, ndinathamangira pachulu."

"Wosolola nkhuni ndine, aphunzitsi," analowerera Abiti Jimu. "Mwanayu musamukalipire."

"Iyayi, anganga sankadziwa," anatero Elsie. "Wouzidwa ndinali ine."

Mayi Scholastica anatola pepala lija. Anayang'ana nambala yokhwatchidwa ndi ina ya pansi pake. Mphindi zisanu zitatha, Abiti Jimu analengeza ndi mawu otsika, ndipo Elsie anachotsa moto wonse.

A Wyson anayang'ana dzuwa, nakanda m'mutu.

"Mayi, vuto lili pati? Tingothirapo chidebe chimodzi cha madzi, chizizira pompano. Ndikapalasa mwamphamvu galimoto tiipeza."

"A Wyson, inu dziwani za tcheni ndi mabuleki," anatero mayi Scholastica. "Mukathira madzi apa, mabotolo m'katimo asweka, kapena alavula msuzi wawo, zivindikiro osagwira. Mukatsegula muvi usanagone, nthunzi yake ikusendani nkhope ngati mbatata. Poto ameneyu salamulidwa ndi galimoto. Azizira pa nthawi yake."

Anatulutsa foni yawo, napita pachulu. Onse anamva, pakuti mayi Scholastica sankafunikira foni kuti amveke kutali. Dalaivala anali ndi anthu ena oti akawatule dzuwa lisanalowe, ndipo sakanatha kudikira ola lathunthu.

"Pitani, bambo," anamveka akutero. "Ndibwera mawa pa minibasi."

Atabwerera anawauza a Wyson kuti adzabwerenso madzulo. Kenaka anakhala pa chikwama chawo, namuyang'ana Elsie pamwamba pa magalasi.

"Wandilakwira, ndipo sindikubisira. Mawa m'mawa amayi makumi awiri ku Chikweo asiya ntchito zawo n'kukhala pansi pa mtengo kudikira ine, pamene ine ndili pamsewu ndikumeza fumbi. Chimenecho ndi chako, uchisenze. Za foni ya mayi ako ndikuzimvetsa, inenso ndinali ndi mayi. Koma ukanatha kukuwira Abiti n'kuwaonetsa muvi usanathamange. Ukanathanso kuwauza mayi ako kuti aimbenso pakapita kanthawi. Ntchito ya moto siisiyidwa ndi mawu akuti ndibwera pompano. Ana ambiri apsa ndi mawu amenewo, nyumba zambiri zatha ndi mawu amenewo."

Elsie anaweramitsa mutu. Mayiwo anakweza pepala lija.

"Koma ichi. Ndaphunzitsa atsikana zaka makumi atatu. Olakwitsa ndawaona ambirimbiri, ndipo sindiwaopa, chifukwa inenso ndinapsereza mapoto anga. Amene ndimamuopa ndi uja wolakwitsa n'kuvindikira, pakuti chimene wavindikiracho amadzadya ndi wina. Ukanangomaliza mphindi khumi zija, ine ndikanafika, ndikanakuyamikira, ndikanakwera galimoto yanga ndikuseka. Sindikanadziwa kanthu. Iwe wasankha kuti ndikukalipire. Dzuka pamenepo, maondo apweteka. Pita ukatelekeko tiyi, poti tsopano ndilibe kothamangira."

Cha m'ma 2 koloko muvi unagona pansi. Anadikirabe pang'ono, kenaka mayi Scholastica anachotsa kachitsulo kaja, namasula chivindikiro akuchipendeketsa kutali ndi nkhope. Anatulutsa mabotolo limodzilimodzi, nawaika pansalu patebulo la m'nyumba, kopanda mphepo. M'kati mwake msuzi unali ukuwirabe.

"Wafewa mopitirira," anatero akusuzumira. "Kuphika kawiri kumeneko."

"Chambone, zili bwino," anatero Abiti Jimu. "Wodwala safuna zotafuna kwambiri."

Patapita kanthawi panamveka kaphokoso, tho! Abiti Jimu analumpha ngati apondedwa ndi munthu.

"Chasweka!"

"Sichinasweke, chagwira," anatero mayi Scholastica akuseka koyamba tsikulo. "Chivindikiro chikalira choncho ndiye kuti chakokera m'kati. Elsie, usawagwire mpaka mawa. M'mawa udinize chala pakati pa chivindikiro chilichonse. Chimene chikudumpha sichinagwire, nandolo wakeyo mudye tsiku lomwelo."

Tho! Linalira lina. Kenaka linanso. Lililonse likalira Abiti Jimu ankalumpha, ngakhale anali atauzidwa kale.

6. Mawu ochokera ku Zomba

Dzuwa litapendeka a Blasius anafika, fumbi lili mpaka m'nsidze, kachikwama kali paphewa. Anapatsana moni ndi alendo, nalowa m'nyumba. Ataona mabotolo asanu ndi awiri ali ndanda patebulo, anaima.

"Izi n'chiyani?"

"Ndi nandolo wa amayi, ababa. Wa m'munda mwawo. Ndamusunga kuti adzadye pa Khirisimasi."

A Blasius ananjuta pafupi ndi tebulo. Anayang'ana mabotolowo nthawi yaitali, manja ali pamaondo. Bambo amene Elsie anali asanamuonepo akulira anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta m'maso, osabisa.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero. "Wachita bwino kwambiri. Koma Khirisimasi ija yasintha."

Anabweza kansalu kaja m'thumba, napitiriza.

"Madokotala akuti chotupa anachotsa, koma pakufunika mankhwala ena a nthawi yaitali. Akuwatumiza ku Blantyre. Kubwera kuno mwina ndi mu Epulo, mwina mu Meyi. Palibe akunena motsimikiza."

Elsie anawerenga miyezi ndi zala zake zakuda zija. Zala za dzanja limodzi sizinakwanire. Anatembenukira kwa mayi Scholastica.

"Amayi, nandoloyu akafika?"

Mayi Scholastica anayankha ndi mawu ofatsa, amene palibe ankadziwa kuti ali nawo.

"Akanakhala wa mphindi khumi zija, ndikanakuuza kuti ukamutaye lero lomwe. Koma uyu umuike pamthunzi, malo ozizira ndi ouma. Epulo afika. Meyi afika. Mayi ako achedwe m'mene angachedwere, amupeza akuwadikira."

Pamenepo Elsie analira momasuka, kulira kwa chisoni ndi chimwemwe pamodzi. Abiti Jimu anamukokera pachifuwa n'kumamusisita pamsana ngati khanda, nawonso mphuno ikuwavuta.

A Blasius anadikira mpaka kulira kutachepa. Kenaka anakhosomola, akupotokola chipewa chawo m'manja.

"Pali mawu ena, Elsie. Amayi ako anandiletsa kuti ndisakuuze, koma ndilibe pothawira. Maness wakhala kuchipatala miyezi itatu, ana ake akuvutika, ndipo amuna ake akuti abwerere. Ine m'chipinda cha amayi sindingagonemo. Ku Blantyre kukufunika munthu wamkazi wowadikirira, wowasambitsa ndi kuwaphikira phala. Ndayenda kwa abale onse. Wina ali ndi pakati, wina ali ndi khanda, wina akudwala yekha. Watsala ndiwe."

"Anyamuka liti, ababa?"

"Lolemba m'mawa."

Lolemba lomwelo ndi limene sukulu inkatsegulidwa, ndipo dzina la Elsie linali kale pa mndandanda wa Fomu 3. Yunifomu yake inali itachapidwa, ili pa chingwe kuseri kwa chitseko.

Mayi Scholastica anaika kapu yawo ya tiyi pansi, navala bwino magalasi.

"A Blasius," anatero, "khalani pampando. Mwanayu asayankhe kaye. Ine ndi inu tikambirane za sukulu yake."